Musanawakhazike pamodzi: momwe mungayezere chiopsezo m'banja lomwe labwera ndi dandaulo

Banja likafika kwa mlangizi, kwa loya, kwa paraligo, ku Victim Support Unit kapena kubwalo la majisitireti, nkhani yomwe imayamba kutuluka pakamwa ndi ya ndalama zothandizira ana, ya nyumba, kapena yoti ana azikhala ndi ndani. Ndi ochepa amene amayamba ndi mawu akuti "ndikuopa kuti andipha." Mawu amenewa amatuluka pokhapokha wina atafunsa, ndipo atafunsira pamalo poti mnzakeyo sakumva.

Chizolowezi chathu n'choitana onse awiri, ankhoswe n'kukhala pambali, aliyense afotokoze mbali yake, kenako tiwayanjanitse. Njira imeneyi yamanga mabanja ambiri ndipo ndimailemekeza. Koma alipo mabanja amene kuwakhazika pamodzi n'kuika moyo wa munthu pachiswe, chifukwa zimene mayi wanena pamaso pa anthu masana amakazilipira usiku. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 pa 100 alionse amene anakwatiwapo m'Malawi anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Ndiye kuti pa mabanja amene ali pamzere panja pa ofesi yanu lero, oterewa alipo ndithu. Ntchito ya mafomu oyezera chiopsezo ndi kukuthandizani kuwazindikira musanachite china chilichonse.

1. Sankhani fomu imodzi ndipo muidziwe bwino

Mafomu odziwika alipo angapo, ndipo iliyonse inapangidwira ntchito yake.

Ku Australia kuli Family Law DOORS, yomwe inatuluka mu 2012. Anaikonza ndi Pulofesa Jennifer McIntosh mogwirizana ndi bungwe la Relationships Australia la ku South Australia, ndipo anaipangira maloya, alangizi ndi amkhalapakati othandiza makolo amene akulekana. Ili ndi magawo atatu. Poyamba kholo limayankha lokha mafunso a inde kapena ayi. Kenako wogwira ntchito amatenga mayankho a inde aja n'kufunsa mozama. Gawo lachitatu limamutsogolera zoyenera kuchita ndi kotumiza munthuyo. Chomwe chimandisangalatsa pa DOORS n'chakuti imafunsa makolo onse awiri, ndipo siithera pa zomenyana. Imafunsanso za mowa, za kusweka mtima, za maganizo odzipha, za momwe ana akupezera, ngakhalenso ngati woyankhayo akudziopa yekha kuti angapweteke wina. Kuyambira mu Disembala 2020 makhothi a zamabanja a dzikolo anayamba kugwiritsa ntchito fomu yochokera ku DOORS pa ndondomeko yotchedwa Lighthouse, kuyambira ku Adelaide, Brisbane ndi Parramatta. Milandu yopezeka kuti ndi yoopsa kwambiri imaikidwa pa mndandanda wapadera, Evatt List, kuti iweruzidwe msanga.

Ku Britain amagwiritsa ntchito DASH kuyambira mu 2009. Yomwe bungwe la SafeLives limafalitsa ili ndi mafunso 24, ndipo munthu akayankha inde pa mafunso 14 kapena kuposerapo, nkhani yake imapita ku msonkhano wotchedwa MARAC, kumene apolisi, achipatala, oona za nyumba ndi oteteza ana amakhala pamodzi n'kugawana zochita. Msonkhano woyamba wotere unachitikira ku Cardiff mu 2003.

Ku America, namwino wina, Pulofesa Jacquelyn Campbell wa ku Johns Hopkins, anakonza Danger Assessment m'zaka za m'ma 1980. Ili ndi mafunso 20 ndi kalendala, ndipo cholinga chake ndi chimodzi: kuona ngati mayi angaphedwe ndi mwamuna wake. Amkhalapakati a milandu ya mabanja kumeneko ali ndi yawo, MASIC, ya mu 2010.

Ngati simunaphunzitsidwe iliyonse mwa izi, yambani ndi mafunso 6 amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika m'buku lake la ogwira ntchito zachipatala la mu 2014. Ndi aafupi, salira kompyuta, ndipo ali mu gawo 4 m'munsimu. DOORS ndi Danger Assessment zimafuna maphunziro kuti muwerengetse bwino. Musadule mafunso kuchokera apa ndi apo n'kupanga fomu yanuyanu yokhala ndi malikisi oganizira. Mutha kuwonjezera mafunso ogwirizana ndi kwanuko, koma malikisi asiyeni momwe eni ake anawayesera.

2. Funsani aliyense, payekha, musanayambe nkhani yomwe abwerera

Lamulo la ofesi likhale lakuti aliyense wobwera ndi nkhani ya banja amafunsidwa mafunsowa: wovala suti, mkazi wa abusa, mphunzitsi, wogulitsa tomato. Mukayamba kusankha poona nkhope mudzaphonya ambiri, chifukwa ochitira anzawo nkhanza ambiri amakhala aulemu pamaso pa anthu. Kufunsa aliyense kumakutetezaninso inu. Bambo akakwiya kuti bwanji mukundifunsa zimenezi, yankho lilipo kale: "Bambo, timafunsa aliyense wolowa muno."

Alekanitseni mwanzeru. Musanene kuti "tikufuna timve ngati mumamenyedwa." Nenani kuti mwambo wa pano ndi woti timayamba ndi mmodzimmodzi. Ngati n'kotheka apatseni masiku osiyana, kapena maola otalikirana. Chipinda chikhale choti wokhala pabenchi panja sangamve; ngati khoma n'lopyapyala kapena zenera lilibe galasi, tulukani mukakhale pansi pa mtengo patali. Ankhoswe, apongozi ndi alamu adikire kunja, ngakhale ataoneka okoma mtima chotani. Mwana amene wayamba kulankhula asakhalepo, chifukwa madzulo akafunsidwa kuti amayi amanena chiyani, anena. Ngati pakufunika womasulira, asakhale wachibale.

Inunso khalani mbali ya kukhomo, ndipo mnzanu wa mu ofesi adziwe kuti muli ndi ndani.

3. Nenani poyera malire a chinsinsi

Musanafunse funso loyamba, fotokozani zomwe muchite ndi mayankho. Mwachitsanzo: "Mayi, zimene mundiuze pano sindikauza amuna anu kapena ankhoswe. Koma ndikaona kuti moyo wanu, wa mwana kapena wa munthu wina uli pangozi, ndiyenera kuuza amene angathandize, ndipo ndidzayamba ndakuuzani inuyo." Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limalamula achipatala, achibale, osamalira ana ndi anthu a m'dera kukanena akadziwa kuti mwana akuzunzidwa, choncho musalonjeze chinsinsi chimene simungasunge. Ku Australia anachita kukhazikitsa lamulo mu 2020 loti mayankho a pa fomu ya Lighthouse asagwiritsidwe ntchito ngati umboni m'khothi, kuti anthu aziyankha momasuka. Inu dziwani bwino momwe zolemba za ofesi yanu zimayendera musanamuuze munthu kuti palibe adzaziona.

Ali ndi ufulu wokana kuyankha. Akakana, lembani kuti wakana, osati kuti palibe vuto.

4. Funsani zochitika zenizeni

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndiye musathamange.

Yambani patali. "Kunyumba zinthu zikuyenda bwanji masiku ano?" "Mukasemphana maganizo, zimatha bwanji?" Mvetserani osalemba kaye. Kenako muuzeni kuti muli ndi mafunso amene ena ndi olemetsa, ndipo muwafunsa monga alili.

Musafunse kuti "amakuchitirani nkhanza?" Amayi ambiri ayankha kuti ayi, moona mtima, chifukwa anakula akumva kuti banja ndi kupirira ndipo mbama imodzi saiwerengera. Tchulani chochitikacho: anayamba akumenyanipo mbama, kukukankhirani kukhoma, kukupondani, kukutsekerani m'nyumba, kukukakamizani kugona nawo inu musakufuna? Mafunso 6 a WHO aja ndi awa, ndipo mutha kuwafunsa motere:

Kodi kumenyako kwachuluka kapena kwakula m'miyezi 6 yapitayi?
Anayamba agwiritsapo ntchito chida pa inu, kapena kukuopsezani nacho?
Anayamba akukanyanganipo pakhosi?
Mumakhulupirira kuti akhoza kukuphani?
Anakumenyanipo muli oyembekezera?
Kodi ndi ansanje yoopsa, yosatha?

Malinga ndi WHO, mayi woyankha inde pa atatu kapena kuposerapo akhoza kukhala pangozi yaikulu panthawi yomweyo. Pofunsa za chida, tchulani zomwe zili m'nyumba zathu: chikwanje, nkhwangwa, mpeni, khasu, mpini, botolo, petulo. Funsaninso za mfuti, makamaka ngati mwamunayo ntchito yake ndi ya mfuti. Kafukufuku wa Campbell ndi anzake wa mu 2003, yemwe anaunika imfa za amayi 220 m'mizinda 11 ya ku America, anapeza kuti mwamuna wankhanza akakhala ndi mfuti pafupi, chiopsezo choti apha mkazi wake chimakwera pafupifupi kasanu.

Funso la pakhosi musalidutse ndi inde kapena ayi chabe. Ambiri sakuona ngati chinthu chachikulu chifukwa sipatuluka magazi. Mayi akhoza kunena kuti "anangondigwira apa," uku akuloza pakhosi ndi zala ziwiri, n'kupitiriza nkhani ya sukulu fizi. Imani pomwepo. Funsani ngati analephera kupuma, ngati m'maso munachita mdima, ngati anakomoka kapena kudzikodzera, ngati mawu anasasa, ngati ankavutika kumeza m'mawa mwake. Funsani ngati anagwiritsa ntchito manja, lamba, chitenje kapena pilo. Kafukufuku wa mu 2008 wotsogoleredwa ndi Nancy Glass anapeza kuti mayi amene anakanyangidwapo pakhosi ndi mwamuna wake amakhala pa chiopsezo chophedwa choposa kasanu ndi kawiri poyerekeza ndi amene amazunzidwa koma sanachitidwepo zimenezi. Nthawi zambiri pakhosipo sipaoneka chilonda, pomwe mkati mwavulala, ndipo kutupa kumatha kubwera patapita maola. Ngati zachitika masiku omwewa, apite kuchipatala lero lomwe. Ku England ndi Wales kukanyanga munthu pakhosi kunasanduka mlandu paokha mu Juni 2022, ngakhale pasaoneke bala.

Kalendala ya Campbell ndi yothandiza kwambiri ngakhale simukugwiritsa ntchito fomu yake yonse. Munthu wozunzidwa amaiwala kapena kuchepetsa. Tengani pepala, lembani miyezi 12 yapitayi, ndipo mumuthandize kukumbukira pogwiritsa ntchito zochitika zomwe sangaiwale: nthawi yobzala, Khirisimasi, potsegulira sukulu, atagulitsa fodya kapena soya, pa maliro a agogo. Pa chochitika chilichonse lembani kukula kwake. Nthawi zina mayi amene amati zimachitika mwa apo ndi apo amayang'ana pepala lija n'kuona yekha kuti mu Januwale inali mbama, mu Meyi nkhonya, mu Ogasiti chikwanje, ndipo masiku apakati akufupika. Simufunikanso kumuuza kanthu.

Kenako funsani za kulamulidwa. Foni amasunga ndani? Amawerenga mauthenga anu a pa WhatsApp? Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money akuidziwa? Ndalama za banki mkhonde zikatuluka amatenga ndani? Mukapita kuchigayo kapena kumsika amakuwerengerani nthawi? Amakuletsani kupita kwanu, kutchalitchi, kuntchito? Amakutsatirani, kapena kutuma anthu kuti akuzondeni? Pali amuna amene samenya kawirikawiri koma amagwira moyo wonse wa mkazi m'manja, ndipo mkaziyo akachoka ndi pamene amapha. Hannah Clarke wa ku Brisbane anaphedwa pamodzi ndi ana ake atatu mu Febuluwale 2020 ndi mwamuna amene anali atamusiya miyezi yochepa m'mbuyomo. Zomwe zinamveka pa kafukufuku wa imfa yake zinali za mwamuna womusankhira zovala, womufufuza pafoni ndi womulondalonda, osati za mabala ochuluka. Fomu yongowerenga mikwingwirima ikanamuika pa gulu la otetezeka.

Musamalize musanafunse za kulekana. "Akudziwa kuti mwabwera kuno?" "Munayamba mwawauzapo kuti mukuchoka? Anati chiyani?" "Chisamani chikawapeza, mukuganiza kuti achita chiyani?" Anthu ambiri amaganiza kuti mayi akachoka ndiye kuti wapulumuka. Kafukufuku wa 2003 uja anasonyeza kuti kuchoka kumakweza chiopsezo, makamaka ngati mwamunayo ndi wolamulira kwambiri kapena akuganiza kuti mkaziyo wapita kwa mwamuna wina. Kusowa ntchito kwa mwamuna, ndiponso kukhala m'nyumba ndi mwana yemwe si wake, zinapezekanso kuti zimawonjezera ngozi. Kwa ife amene timakumana ndi mabanja pa nthawi yeniyeni yolekana, izi zikutanthauza kuti munthu amafika pa desiki yathu ali m'nyengo yoopsa kuposa zonse.

Funsaninso komwe akukhala. Mayi wa pachikamwini ali pakati pa abale ake, alongo ake ali pafupi. Wa chitengwa, kapena wa m'nyumba ya lendi m'tauni kutali ndi kwawo, akhoza kukuwa usiku popanda wotuluka.

5. Mbali inayo muifunsenso, ndi ulemu womwewo

Bambo nayenso afunsidwe payekha, mafunso ofanana. Alipo amuna amene amamenyedwa, kuthiridwa madzi otentha kapena kuopsezedwa, ndipo amachita manyazi kunena. Koma cholinga china n'chofuna kumva momwe mutu wake ukuyendera. Akugona tulo? Mowa kapena chamba wawonjezera? Ntchito ilipo? Ngongole za katapila zamupanikiza? Akaganiza zoti banja latha, amaona chiyani kutsogolo?

Funsani molunjika: "Bambo, munayamba mwaganizapo zodzipha?" Kufunsa sikumupatsa munthu ganizo lomwe analibe, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akati inde, funsani ngati waganiza njira yake ndiponso ngati chinthucho ali nacho kunyumba, monga chingwe, tameki kapena mankhwala a mbewu. Malipoti a apolisi a m'Malawi amasonyeza chaka ndi chaka kuti ambiri odzipha ndi amuna, ndipo mavuto a m'banja ndi ngongole zimatchulidwa kawirikawiri. Mwamuna wankhanza amene akukamba zodzipha ndi ngozi kwa iye mwini, kwa mkazi ndi kwa ana. Mawu ngati "tifera limodzi," "akapanda kukhala wanga sakhalanso wa wina," kapena "ana anga sangaleredwe ndi mwamuna wina ine ndili moyo" alembeni monga wawanenera, ndipo musawatenge ngati kupsa mtima chabe.

Chenjerani kuti musatulutse ngakhale kachidutswa ka zomwe mayi ananena. Funso ngati "nanga za chikwanje zija?" likhoza kuphetsa munthu.

Onse awiri akamalozana chala, musafulumire kunena kuti onse ndi olakwa mofanana. Onani amene akuopa mnzake, amene wasintha mayendedwe ake kuti apewe mkwiyo wa mnzake, amene mabala ake ndi otchinga ndi amene ndi oukira.

6. Ana

Funsani kholo lililonse ngati limaopa ana akakhala ndi mnzakeyo. Anawamenyapo mopitirira? Anaopsezapo kuti awatenga n'kuthawa nawo, kapena kuwapweteka? Amayendetsa galimoto kapena njinga yamoto ataledzera ana ali pomwepo? Ana amaona ndewu? Alipo amene wayamba kukodza pogona, kujomba kusukulu, kapena kusiya kulankhula? Mwana womupeza mufunse za iye mwapadera, makamaka mtsikana.

Musaganize kuti munthu wozunza mkazi sangakhudze mwana wake womubala. Luke Batty, wa zaka 11, anaphedwa ndi bambo ake mu Febuluwale 2014 pabwalo la masewero ku Tyabb, m'chigawo cha Victoria ku Australia, anthu akuona. Bamboyo anali ndi zikalata zomumangira zomwe zinali zisanagwire ntchito, ndipo maofesi osiyanasiyana ankadziwa zidutswa za nkhani yake, aliyense chake. Imfa imeneyi inathandiza kuti boma la Victoria likhazikitse komiti yaikulu yofufuza za nkhanza za m'banja, yomwe mu 2016 inapereka mfundo 227, kuphatikizapo zoti maofesi azigawana zomwe akudziwa.

7. Yezani, koma musalole nambala ikuganizireni

Werengani mayankho monga fomu yanu ikunenera. Kenako ikani cholembera pansi n'kudzifunsa ngati nambalayo ikugwirizana ndi zomwe mwaona ndi kumva.

Ngakhale eni ake a DASH amanena kuti nzeru za wogwira ntchito zimaposa malikisi: munthu atha kukhala ndi ma inde 8 okha koma n'kutumizidwa ku MARAC chifukwa wofunsayo waona kuti pali ngozi. Ku England komweko ofufuza anapeza kuti DASH ikamadzazidwa mothamanga ndi apolisi pamalo a ndewu siilosera bwino, ndipo apolisi anakonza fomu ina, DARA, yoika mtima pa kulamulidwa. Komanso malire a malikisiwa anayesedwa pa anthu a m'maiko amenewo, kumene kuli nyumba zobisalako ndipo apolisi amafika ndi galimoto. Kwa mayi wokhala mtunda wa maola awiri kuchokera ku polisi, nambala yomweyo ikulemera kuposa pamenepo.

Langizo langa ndi ili. Chimodzi chokha mwa izi chikapezeka, tengani nkhaniyo ngati yoopsa kwambiri, malikisi akhale angati: kukanyanga pakhosi, kuopseza ndi chida, kuopseza kupha mayi kapena ana, mwamuna wokamba zodzipha pa nthawi yolekana, kapena mayi amene akuti "andipha." Mantha a mayi akhulupirireni, pakuti mwamunayo amamudziwa ndi iyeyo. Koma kusaopa kwake kusakugonetseni tulo. Campbell anapeza kuti pafupifupi theka la amayi amene anaphedwa kapena kutsala pang'ono kuphedwa sankazindikira kukula kwa ngozi yomwe anali nayo.

Muuzeni zomwe mwapeza, m'mawu osazungulira: "Mayi, zimene mwandiuzazi zandidetsa nkhawa. Amayi amene anakumana ndi zoterezi ena anaphedwa. Sindikufuna kuti zikuchitikireni. Tiyeni tione za usiku wa lero."

8. Chitanipo kanthu asanatuluke pakhomo

Fomu yodzazidwa bwino n'kuikidwa mu kabati siiteteza munthu. Ndipo kumufunsa munthu zonsezi n'kumusiya apite chimanjamanja n'kumupweteka kawiri.

Ngati ngozi ndi yaikulu, funso loyamba ndi loti agona kuti lero. Kwa mchemwali wake, kwa amayi a mvano, kwa mnzake wa kuntchito amene mwamunayo sadziwa kwawo? Musangomulembera kalata yopita ku Victim Support Unit. Imbani foni iye ali pomwepo, tchulani dzina la wapolisi amene akamulandire, ndipo ngati n'kotheka wina amuperekeze. Ngati wagwiriridwa, apite kuchipatala kapena ku Chikwanekwane (malo othandizira ochitidwa nkhanza), monga wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Mupatseni manambala aulere: 5600 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, ndi 116 ya ana. Aloweze pamtima, kapena awasunge m'foni ndi dzina la munthu wamba.

Ambiri asankha kubwerera kunyumba, chifukwa cha ana, munda, kapena kusowa kolowera. Musawakalipire. Ukakalipira munthu wotere sabweranso, ndipo watsala yekha. Konzani naye ndondomeko. Kachikwama kakhale kwa mnansi wodalirika, muli chitupa cha unzika, mabuku a kuchipatala a ana, mankhwala amene amamwa tsiku ndi tsiku monga ma ARV, zovala pang'ono ndi ndalama ya thiransipoti. Agwirizane ndi mnansiyo chizindikiro: mwana akabwera usiku kudzapempha machesi, ndiye kuti thamangani, itanani anthu. Ndewu ikayamba achoke kukhitchini kumene kuli mipeni ndi moto, asunthire kufupi ndi khomo lotulukira. Chikwanje, nkhwangwa ndi mankhwala a mbewu zisungidwe kwina. Ana auzidwe kothawira, ndiponso kuti asalowe pakati kuleretsa. Tsiku lochoka asalengeze. Achoke mwamunayo kulibe.

Mufunseni nthawi yabwino yomuimbira, ndi zomwe munene akayankha mwamuna. Uthenga wa pafoni wonena kuti "bwerani mudzatenge chikalata chanu cha kukhothi" ukhoza kuwerengedwa ndi munthu wolakwika.

Kumbali ya malamulo, lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 limapatsa khothi mphamvu yopereka chikalata choteteza wozunzidwa, choti akhalebe m'nyumba wozunzayo atuluke, ndiponso chokhudza nyumba ya lendi. Pa nkhani yachangu pemphani chikalata chongoyembekezera pamene mlandu usanamvedwe. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Koma muuzeni zoona: chikalata chimagwira ntchito pa mwamuna woopa kumangidwa, ndipo tsiku limene achilandire ndi limodzi mwa masiku oopsa. Hannah Clarke anali nacho chikalata chotere. Choncho dziwani tsiku lomwe chisamani kapena chikalata chikaperekedwe, ndipo mayiyo asakhale pamalo pomwe mwamunayo angamupeze tsiku limenelo ndi masiku otsatira.

Tsopano ganizani za kuyanjanitsa. Ngozi ikakhala yaikulu, musawakhazike pamodzi, kaya ankhoswe, abusa kapena amfumu akakamize chotani. Nkhaniyo ipite kukhothi. Ku Australia ndi ku England, kumene makolo amayenera kuyamba ayesa zokambirana asanasume, malamulo amachotsa udindo umenewu pakakhala nkhanza. Ngozi ikakhala yapakatikati ndipo mayi mwini akufuna kukambirana, akhale m'zipinda zosiyana, inu muziyenda pakati. Bambo afike poyamba, mayi afike pambuyo. Pomaliza mayi atsogole kunyamuka, bambo atsale mphindi 20 kapena 30. Tsiku la kukhothi chimodzimodzi: asadikire pa benchi imodzi, ndipo wina amuperekeze mpaka pokwerera minibasi. Pangano lililonse lokhudza ana linene malo opatsirana anawo, poyera, kudzera mwa munthu wachitatu amene onse amamulemekeza, osati pakhomo pa mayi madzulo.

Ngati bambo wakamba zodzipha, nayenso asatuluke chimanjamanja. Mulumikizeni ndi achipatala oona za maganizo a pachipatala cha boma, pezani m'bale wake woti akhale naye ndi kuchotsa zinthu zoopsa m'nyumba, ndipo mayi achenjezedwe tsiku lomwelo.

9. Lembani, gawanani, ndipo mudzafunsenso

Lembani mawu a munthu monga wawanenera. "Anati adzandidula khosi ngati nkhuku ndikapita kwa amayi" ndi umboni. "Pali kusamvana m'banja" si kanthu. Lembani tsiku, amene analipo, zomwe mwaona pathupi, zomwe mwachita, ndi amene mwamuimbira. Fomu ya mayi ndi ya bambo zisakhale mu fayilo imodzi yomwe wina angaitsegule pa kauntala. Mayi asatenge fomu kupita nayo kunyumba.

Ngakhale kwanuko kulibe MARAC, mukhoza kuchita zofanana nazo pang'ono. Wapolisi wa ku Victim Support Unit, wa ofesi ya chisamaliro cha anthu, namwino, paraligo ndi woteteza ana wa m'dera atha kukumana kamodzi pa mwezi, kapena kuimbirana foni nkhani ikakhala yachangu, n'kukambirana mabanja ochepa amene ali pangozi yaikulu. Aliyense atuluke ndi chochita chake ndi tsiku lochitira. Gawanani zokhazo zofunika pa chitetezo, mayiyo akudziwa, ndipo zisalowe pa gulu la WhatsApp la anthu ambirimbiri. Ngati mmodzi wa okhala pamsonkhanowo ndi mnzake kapena m'bale wa mwamunayo, atuluke nkhaniyo ikamakambidwa.

Mayankho a lero ndi a lero. Bwerezani mafunsowa nthawi iliyonse zinthu zikasintha: chisamani chikaperekedwa, tsiku la mlandu likayandikira, chigamulo cha ana kapena katundu chikatuluka, bambo akatuluka pa belo kapena kundende, ntchito ikamuthera, mayi akatenga pakati kapena akapeza bwenzi latsopano. Amene anayankha ayi pa chilichonse ulendo woyamba mufunseninso akabweranso, chifukwa ambiri amayamba ayesa kaye ngati ndinu wosunga pakamwa. Ndipo mayi wa pangozi yaikulu akapanda kubwera tsiku lomwe munapangana, kapena akatumiza uthenga woti wathetsa dandaulo lake, musatseke fayilo. Muimbireni pa nthawi yomwe munagwirizana, ndipo akapanda kuyankha, imbirani mnansi uja kapena wapolisi amene munamutchula dzina, tsiku lomwelo.